Mtengo wa Khasu: Ganyu ndi Malipiro Ake kwa Nyampande, Petauke ndi Nyimba

[Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako itsike pang'onopang'ono]

WOWULUTSA: Ndakupatsani moni inu a kwa Mfumu Nyampande, inu a ku Ukwimi ndi ku Sasare, a ku Minga, a m'dera la a Kalindawalo ndi a Mumbi, komanso inu a ku Nyimba, kwa a Ndake, a Luembe ndi a Nyalugwe, mpaka ku Kacholola uko. Amayi amene mukupala moto, abambo amene mwangotula khasu, anyamata amene mukumvera pa foni, sendezani mpando pafupi. Lero tikamba za ganyu, amene amamugwira, amene amamulembetsa, ndi mtengo wake m'zaka zimene tikudutsamozi.

Ndiyambe ndi chinthu chimene aliyense wa ife anachionapo. Ndi mwezi wa Januwale, tambala wachiwiri wangolira. Mayi watuluka m'nyumba, khasu paphewa, mwana kumsana, kathumba kopanda kanthu m'manja. Njira yake ikudutsa m'mphepete mwa munda wake womwe. Chimanga chake chafika m'mawondo, koma udzu wachipitirira, masamba ayamba chikasu. Iye akuuona mundawo, mtima ukumupweteka, koma saima. Akupita kukapalira munda wa mnzake kuti madzulo abwere ndi meda ya chimanga, ana adye. Mawa adzachitanso chimodzimodzi. Pofika tsiku loti apalire wake, udzu udzakhala utadya kale fetereza yense amene anathira.

Mayi ameneyu si waulesi, ndipo amene amanena choncho sanagonepo ndi njala. Iye wagulitsa tsiku lake la kumunda pa nthawi imene tsikulo ndi lamtengo wapatali kuposa nthawi ina iliyonse pachaka, ndipo waligulitsa motchipa chifukwa nkhokwe yauma. Nkhani yathu yonse ya lero yagona pamenepa. Kuno kwathu mtengo wa ganyu umapangidwa ndi nkhokwe ya wogwira ganyuyo. Ikakhala yodzaza, amakambirana mtengo ataimirira. Ikakhala yopanda kanthu, amavomera chilichonse.

Kugwirira ntchito m'munda wa wina si kwachilendo kuno. Makolo athu anali ndi njira yawo. Munthu munda ukamukulira, mkazi wake ankafulula mowa kapena kuphika thobwa, mudzi n'kubwera ndi makasu, kulima tsiku limodzi, kumwa, n'kubalalika. Sabata yotsatira ankapita kwa wina. Panalibe bwana, panalibe wantchito. Ntchito yolipidwa ndi ndalama inabwera ndi msonkho wa nyumba, umene atsamunda anaukhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Msonkhowo sunkalipiridwa ndi mapira kapena nkhuku, unkafuna ndalama. Ndiye agogo athu aamuna ananyamuka wapansi. Ena anapita ku mafamu a fodya a azungu ozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Ena anagwira pa mgodi wa golide wa Sasare konkuno. Ambiri anatsika kukawoloka Zambezi cha ku Feira, kulowera ku mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangete, ena anatchona mpaka lero. Choncho dera lino lakhala likutumiza manja ake kukalimira anthu ena kwa zaka zoposa 100.

Chimene chasintha n'chakuti wolemba ganyu wa lero kawirikawiri si mzungu wa pafamu. Ndi mnansi wathu. Ndi mphunzitsi amene ali ndi mahekitala atatu, ndi mlimi amene anagulitsa bwino chaka chatha, ndi wogwira ntchito ku Lusaka amene amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN kuti achibale amulembere anthu. Kayezedwe kake mumakadziwa: ena amalipira pa mzere, ena pa lima, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala, ena amangoloza ndi dzanja kuti kuyambira pa chulu icho kukafika pa mtengo uwo. Malipiro amakhala ndalama, meda ya chimanga, ufa, nthawi zina gaga, sopo kapena zovala zakale.

Tsopano tiyeni tiwerenge limodzi, chifukwa anthu ambiri amati ganyu wakwera mtengo. Olemba ganyu amadandaula kuti masiku ano anthu akutchula ndalama zambiri. N'zoona, kwacha imene imatchulidwa pa mzere lero ndi yochuluka kuposa ya zaka zisanu zapitazo. Koma wogwira ganyu sadya kwacha, amadya nsima. Mu 2021 bungwe la FRA linkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K150. Mu 2023 linagula pa K280. Mu 2024 mtengo unafika pa K330, ndipo mu 2025 pa K340. M'zaka zinayi zokha thumba lakwera kupitirira kawiri. Ndipo kumbukirani kuti uwu ndi mtengo wa nthawi yokolola. Mu Januwale ndi Febuluwale, pamene wogwira ganyu akugula pa meda kumsika, amalipira zoposa pamenepo. Ndiye inu amene mumapalira minda ya ena, dzifunseni funso limodzi lokha: ntchito ya tsiku limodzi inkandigulira chimanga chochuluka bwanji mu 2021, nanga lero ikundigulira chochuluka bwanji? Ngati malipiro anu sanakwere kawiri, ndiye kuti atsika, ngakhale mapepala a ndalama m'manja mwanu achuluka.

Chaka cha chilala chinationetsa zimenezi poyera. Mvula ya 2023 kulowa 2024 inadula pakati, chimanga chinauma chili chiimire. Pa 29 Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pafupifupi mahekitala 1 miliyoni a chimanga anawonongeka. Dziko lonse linakolola matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha, osafika ndi theka lomwe la chaka cham'mbuyo. Munthu angaganize kuti chakudya chikadula, malipiro a ganyu nawo amakwera. Zimachitika mosiyana. Chaka cha njala aliyense amafuna ganyu, ngakhale amene kale ankalemba anzawo, pomwe olemba amachepa chifukwa nawonso alibe chimanga cholipirira. Pakhomo limodzi pamafika anthu khumi, ntchito ili ya anthu atatu. Mtengo umagwa pa nthawi yomwe ufa wakwera. Mwaona inu nomwe anthu akupalira tsiku lathunthu kuti alandire kambale ka ufa.

M'chaka chimenecho boma linayambitsa ntchito ya Cash for Work, yolipira K600 pa masiku 10 a ntchito pamwezi, kukonza misewu, kulambula ngalande ndi zina zotero. Imeneyo ndi K60 patsiku. Pa mtengo wa FRA wa chaka chomwecho, K60 imagula makilogalamu 9 a chimanga, ndipo thumba lathunthu limafuna masiku asanu ndi theka. Si chuma chambiri. Koma ndalama imeneyi inachita chinthu china chimene anthu sachitchula kawirikawiri: inapereka muyezo. Munthu amene walandirapo K60 patsiku kuchokera ku khonsolo amadziwa tsopano kuti tsiku lake lili ndi mtengo, ndipo akapita kwa mlimi amakhala ndi poyambira kukambirana.

Pali kafukufuku wina amene ndikufuna muumve bwino, chifukwa anachitikira pafupi, m'boma la Chipata, pakati pa alimi onga ife. Anachita ndi a Felix Masiye a ku University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Günther Fink ndi a Kelsey Jack. Iwo anagwira ntchito ndi mabanja oposa 3,000 m'midzi 175. Mu Januwale 2014, nthawi ya njala itafika, mabanja a m'midzi ina anabwerekedwa matumba atatu a chimanga kuti adzabweze anayi pokolola. A m'midzi ina anabwerekedwa K200 kuti adzabweze K260. Midzi ina sinalandire kanthu kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zake zinali izi: mabanja amene anabwerekedwa anachepetsa kupita ku ganyu, anathera masiku ambiri m'minda yawo, anadya bwino m'miyezi ya njala, ndipo anakolola zochuluka. Chinanso n'chakuti m'midzi imeneyo malipiro a ganyu anakwera, popeza ofuna ganyu anachepa, ndiye ngakhale amene anapitabe kukagwira anapindula. Ambiri mwa obwerekawo anabweza ngongole yawo.

Ine kafukufuku ameneyu amandikhudza mtima, chifukwa akutsimikiza zimene amayi a m'midzi akhala akunena kuyambira kale: vuto si manja, vuto ndi chakudya cha miyezi iwiri kapena itatu. Matumba atatu okha mu Januwale amabweza munthu kumunda wake. Timakamba zambiri za fetereza wa pulogalamu ya boma ya FISP, za K400 imene mlimi amasonkha kuti alandire zipangizo, ndipo n'zofunika ndithu. Koma fetereza wothiridwa m'munda wosapalira amanenepetsa udzu. Thandizo la mbewu ndi fetereza limafika mu Novembala, pamene njala imaluma mu Januwale, ndipo pakati pa miyezi imeneyi ndi pamene zokolola za osauka zimatayikira.

[Nyimbo kwa kanthawi kochepa]

WOWULUTSA: Mwabweranso, omvera, tikupitiriza nkhani ya ganyu. Tione tsopano mmene ntchitoyo payokha ikusinthira.

Kale ganyu wamkulu anali wopalira. Lero mukayenda m'misika ya Petauke ndi Nyimba kuyambira Okutobala mupeza mashopu a zaulimi adzaza ndi zigubu za mankhwala opha udzu. Mlimi amene kale ankalemba anthu asanu ndi atatu kuti apalire hekitala, lero amalemba mnyamata mmodzi wa sipuleya kumsana, tsiku limodzi ntchito yatha. Kwa mwini munda ndi mpumulo. Kwa amayi amene ankadalira kupalira kuti adutse Januwale, khomo limodzi latsekeka. Ndipo mnyamata wopopera uja nthawi zambiri amapopera atavala kabudula ndi patapata, mphuno ndi pakamwa zili pamtunda, akatha n'kukatsuka sipuleya kumtsinje kumene anthu amatunga madzi. Inu amene mumalemba opopera, mugulireni magolovesi, nsapato za jombo ndi chophimba pamphuno. Zimenezo ndi gawo la malipiro ake, chifukwa chifuwa chimene angachitenge m'munda mwanu adzachisamala yekha zaka zambiri.

Mbewu nazo zasintha. Thonje linkapereka ganyu wambiri, kuyambira kupatulira, kupalira kangapo, mpaka kutola m'miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi. Mu 2012 mtengo wa thonje unagwa ndi theka poyerekeza ndi chaka cham'mbuyo, alimi ambiri anakhumudwa, ndipo kuyambira pamenepo minda ya thonje yakhala ikuchepa. M'malo mwake mwalowa soya ndi mpendadzuwa, pambali pa nshawa zimene dera lino limadziwika nazo kuyambira kale. Soya safuna manja ambiri pakati pa nyengo, koma akakhwima salola kudikira, makoko amathetheka mbewu n'kumwazika pansi. Ndiye ganyu wasamukira ku Epulo ndi Meyi: kuzula soya, kupuntha, kukumba ndi kuthothola nshawa, kusenda, kutonola chimanga. Pa nthawi imeneyi zinthu zimatembenuka. Anthu ali ndi maungu, chimanga chachiwisi ndi mbatata, palibe amene akugona ndi njala, aliyense ali ndi zokolola zake zoti asamale. Mlimi wamkulu ndiye amayenda khomo ndi khomo kupempha anthu, ndipo mtengo umakwera. Chaka cha 2025, pamene dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni a chimanga, alimi ambiri anaona okha kuti kupeza manja pa nthawi yokolola si nkhani yamasewera.

Anyamata nawonso ali ndi njira zina tsopano. Ena ali pa njinga zamoto kunyamula anthu, ena akuotcha makala amene timawaona ataunjikidwa m'mbali mwa Great East Road, ena akukumba golide, ena akugulitsa nthochi kwa apaulendo pa Nyimba, ena anakwera basi ya ku Lusaka. Mnyamata amene angapeze ndalama pa njinga yamoto pofika masana savomera kupalira lima pa mtengo wakale. Otsala pa ganyu wa khasu ndi amayi, makamaka amasiye ndi olera ana okha, pamodzi ndi achikulire. Iwowa sangachoke pamudzi, ndiye mphamvu yawo yokambirana mtengo ndi yochepa. Ntchito za ndalama zochulukirapo, monga kulima ndi ng'ombe, kupopera ndi kunyamula katundu pa ngolo, zimapita kwa amuna. Ntchito zowerama tsiku lonse zimatsalira akazi, ndipo ndi zomwe zimalipidwa mochepa. Ichi si chilungamo, ndipo tisachizolowere.

Nanga lamulo likuti chiyani? Kuyambira pa 1 Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba m'Zambia ndi K1,300 pamwezi, ndipo a wantchito wamba wa gulu loyamba ndi K2,313.10 pamodzi ndi zowonjezera zake. Mukagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito, woyambayo amapeza K50 patsiku, wachiwiriyo pafupifupi K89. Ogwira ntchito m'mafamu akuluakulu, monga a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, malipiro awo amakambidwa pakati pa bungwe la antchito la NUPAAW ndi bungwe la eni mafamu la ZFEA. Lamulo la zantchito la 2019, Employment Code Act, limanena kuti wogwira ntchito ya tsiku ndi tsiku alipidwe tsiku lomwelo ntchito ikatha, ndipo pa malipiro a ola lililonse awonjezeredwe 25 peresenti, popeza alibe tchuthi kapena penshoni. Limanenanso kuti ngakhale pangano la pakamwa ndi pangano, ndipo wolemba ntchito asunge zolembedwa zake.

Tinene zoona: woyendera zantchito safika m'munda wa lima ziwiri kuseri kwa mtsinje wa Msanzala. Kumudzi lamulo limene limagwira ntchito ndi la pakamwa, la manyazi ndi la bwalo la amfumu. Koma manambala ndakupatsaniwa ndi othandiza, chifukwa akusonyeza mtengo umene dziko lino laika pa tsiku la munthu. Ngati ntchito imene mwapereka imadya tsiku lathunthu la munthu wamkulu wamphamvu, ndipo malipiro ake safika ngakhale K50 ija, dziwani kuti mukudyera njala ya mnzanu. Anansi athu nawo akulimbana ndi nkhani yomweyi. Ku Malawi, mu 2021, anasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa dongosolo la matenanti m'minda ya fodya, limene linkasunga banja lonse pa esiteti chaka chathunthu likudya ngongole, malipiro n'kudikira fodya agulitsidwe. Ku South Africa, kumene abale athu ena amagwira m'mafamu, wantchito wa pafamu ali pa muyezo umodzi ndi antchito ena onse, umene mu Marichi 2025 unali R28.79 pa ola.

Pali mbali imodzi imene sindingaidumphe, ndiyo ya ana. Mayi akapatsidwa ganyu wa pa mzere, amatenga ana kuti mizere ichuluke, ndipo Januwale ndi mwezi womwe sukulu zimatsegulira. Palinso anyamata aang'ono amene amaperekedwa kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka zitatu kapena zinayi kuti pamapeto alandire ng'ombe imodzi. Makolo amaona ng'ombeyo, koma mwanayo amabwerako atakula, sadziwa kulemba dzina lake, ndipo moyo wake wonse adzakhala wa ganyu. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15, kupatula tintchito topepuka tosasokoneza sukulu kwa amene afika zaka 13. Kuyambira 2022 maphunziro ndi aulere m'sukulu za boma mpaka ku sekondale. Inu eni ng'ombe, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati wanu ali m'kalasi, wa mnzanu asakhale kudambo ndi mkwapulo. Lembani munthu wamkulu, mumulipire.

Tsono ndilankhule nanu mmodzimmodzi. Inu olemba ganyu, gwirizanani mtengo munthu asanalowetse khasu m'nthaka, ndipo yendani naye kumuonetsa malire pali mboni. Mzere wa m'munda wina ndi wautali kawiri kuposa wa m'munda wina, choncho musangoti mzere, pimani ndi mapazi. Meda ikhale meda yeniyeni, osati chigubu chodulidwa pakamwa kapena chophwanyidwa m'mbali. Chimanga cholipira chisakhale chofumbwa chimene inu simungadye. Ndipo lipirani tsiku lomwelo. Mawu akuti bwerani mawa, kapena ndidzakupatsani ndikagulitsa ku FRA, ndi opepuka kwa inu, koma kwa iye akutanthauza kuti ana agona ndi njala usiku womwewo.

Inu ogwira ganyu, musamapite mmodzimmodzi ngati mungathe. Gulu la amayi asanu kapena la mpingo likatenga munda wonse pa mtengo umodzi, limamaliza msanga ndipo silinyengedwa mosavuta. Muziwerengera malipiro anu m'chimanga, osati m'kwacha mokha. Ndipo yesetsani kupatula m'mawa wa masiku ena kuti ukhale wa munda wanu, makamaka masabata oyamba chimanga chitamera, chifukwa udzu wa nthawi imeneyo ndi umene umadula zokolola kwambiri.

Pempho langa lalikulu likupita kwa magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama m'midzi, makopaletivu, mipingo, ndi mafumu athu pamodzi ndi nduna zawo. Magulu ambiri amagawana ndalama zonse mu Disembala, bokosi n'kutsala lopanda kanthu pa nthawi imene anthu akulifuna koposa. Kambiranani zosiya gawo lina kuti libwerekedwe mu Januwale pa chiwongoladzanja chochepa. Pokolola, pamene chimanga chili chotchipa ndipo ogula akuzungulira ndi masikelo awo, kopaletivu kapena mpingo usunge matumba angapo, othira mankhwala bwino, oti adzabwerekedwe kwa mabanja osowa pa nthawi yopalira n'kubwezedwa mu Juni. Ku Chipata zinayesedwa ndipo zinatheka. Kwa Nyampande, ku Petauke ndi ku Nyimba kuli nkhokwe, kuli magulu, kuli atsogoleri oti angazichite.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa ndikufuna kumva kwa inu: m'mudzi mwanu lima imodzi yopalira ikulipidwa zingati chaka chino, ndipo meda ya chimanga ikugulidwa zingati? Tumizani uthenga kuno ku wailesi, mutchule mudzi ndi mfumu yanu, tidzawerenge manambalawo pamodzi kuti dera lonse limve.

[Nyimbo yotsekera]